Mufunseni Iyeyo

Nkhungu isanachoke pa malata a ku Masasa
tadzuka kale, ine ndi Fumbani.
Mabatani a malaya ake asemphana,
koma ndamusiya. Wamanga yekha.

Zaka makumi awiri ndi ziwiri.
Pa kaliyala wa njinga yanga walemera tsopano.
Pachitunda timatsika tonse,
iye n'kumakankha kumbuyo
akulira ngati lole ya matabwa a ku Chikangawa.
Lero lole ili duu.

Masiku asanu osadya.
Masiku asanu akudzimenya patsaya
mpaka khutu kutupa.
Anansi akuti zamuyambanso.
Ena paja amati ndinamukhwimira ali m'mimba
kuti ndilemere.
Chuma chake ndi chimenechi:
njinga ya tayala losoka ndi waya,
ndi mawondo olira ngati chitseko.

Lolemba tinapita kale.
Dokotala sanadzutse mutu.
Anafunsa ine dzina, anafunsa ine zaka,
anafunsa ine ngati mwanayu amamva,
mwini wake ali pomwepo, wameta ndevu m'mawa.
Anthu otere amatero, anatero,
n'kulemba mapiritsi ogonetsa.
Anagonadi. Akubuula m'tulo.

Lero ku Luwinga mzere wafika pampanda.
Phokoso limamulasa Fumbani,
watseka makutu, akugwedezeka pabenchi,
mayi wina wasuntha mwana wake mwakachetechete.
Ine ndaona. Iyenso waona.
Musaganize kuti saona.

Dzuwa lili pamutu tinalowa.
Namwino wake anali Nyaluhanga,
wamfupi, nsapato zakutha kuchidendene.
Anaika cholembera pansi,
n'kutembenuza mpando kuloza kwa iye.
Fumbani, pakuwawa ndi pati?

Ndinayasama kuti ndiyankhe.
Zaka makumi awiri ndi ziwiri
pakamwa pake ndakhala ndili ine.
Nyaluhanga anangokweza dzanja.
Adada, dikirani.

Tinadikira.
Panja wina anagogoda, anagogodanso.
Wotchi ya pakhoma inayenda ulendo wake.
Thukuta linanditsika kumsana,
manyazi a munthu wochedwetsa mzere.
Kenaka Fumbani anachotsa dzanja kukhutu,
n'kulowetsa chala m'kamwa, kumanzere, mkati.
Umu, anatero. Muli nyerere.

Dzino.
Dzino lobooka, lofunika kungozula.
Masiku asanu, mapiritsi, mapemphero a usiku,
miseche ya pachitsime,
dzino.

Pobwerera mvula ya mawawa inatipeza ku Katoto.
Thonje lili m'kamwa, anandigwira m'chiuno
monga ankachitira ali ndi zaka zisanu.
Ndinkapalasa ndikudzifunsa:
ndi kangati ndamusankhira malaya,
ndamuyankhira moni,
ndamukanira chakudya kwa eni ake
ndisanamufunse?
Dokotala uja ndamukwiyira sabata yonse,
chonsecho tinaphunzira sukulu imodzi.

Amake anagona ku Zolozolo chaka cha mvula yambiri.
Mlongo wake anakwatiwa ku Karonga,
amatumiza ya sopo akapeza.
Kumsonkhano wa makolo Lachinayi
timakhala asanu ndi awiri, bambo ndine ndekha,
timabwerekana mchere ndi mayina a madokotala abwino.
Funso limodzi sitilitchula,
limangokhala pakati pathu ngati mlendo wosamudziwa:
ife tikadzapita, adzamudikira ndani?

Usiku uno wadya phala mbale ziwiri.
Wagona. Sakubuula.
Ndatenga kabuku kake ka kuchipatala,
ndakayandikiza pa nyali,
ndalemba pachikuto ndi zilembo zikuluzikulu:
AMAMVA. AMACHEDWA KUYANKHA. MUFUNSENI IYEYO.

Ndatsala pang'ono kukabweza m'jumbo,
ndaima.
Kabukuka si kanga.
Mawa akadzuka ndimuwerengera mawuwa,
ndimufunse ngati akuwafuna pamenepo,
ndipo ndidzadikira.